Phulusa la ku Nkhotakota pa makina a ku Joni

Mnyamata wina wa kwathu, amene akubwera kuno ku South Africa chaka chamawa kudzachita digiri yachiwiri, anandifunsa pa WhatsApp kuti, "Achimwene, makina amaonetsa pa zithunzi za yunivesite aja, munthu umawagwiradi ndi manja, kapena amangokuonetsa pa galasi?" Usiku womwewo ndinamuyankha mizere iwiri, koma kutacha ndinaona kuti ndamuchepetsera. Ndatha miyezi 18 ndikulowa ndi kutuluka mu labotale imeneyi, ndipo zimene ndaonamo sizingakwane m'mizere iwiri. Dzina la yunivesite ndilisunga, chifukwa pali zina zoti ndidandaule ndipo eni ake timapatsana moni tsiku ndi tsiku.

Ndiyambe ndi chimene chinandibweretsa. Kwathu ndi ku Nkhotakota, kumene timalima Faya ndi Kilombero. Kuseri kwa chigayo chilichonse cha mpunga kumakhala chulu cha mankhusu chimene chimangofuka utsi usana ndi usiku, ana n'kumapsa mapazi akaponda pamene moto wabisala. Bambo anga ankaumba njerwa m'chilimwe, ndipo ndinakula ndikuona mmene uvuni umodzi umadyera mitengo. Mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, anthu n'kuyamba kuthamangira mabuloko a simenti. Koma simenti nayo mtengo wake mukuudziwa. Funso langa linali loti kodi phulusa la mankhusu athuwa lingalowe m'malo mwa gawo lina la simenti popanda buloko kufooka? Pa makilogalamu 100 a mpunga wosapuntha, pafupifupi 20 ndi mankhusu. Mukawaotcha, pafupifupi limodzi mwa magawo asanu limatsala phulusa, ndipo phulusa lootchedwa bwino nthawi zambiri limakhala ndi silika, chinthu chimene chimapanganso mchenga ndi galasi, woposa magawo 85 pa 100. Silika ameneyu amagwirana ndi laimu amene simenti imatulutsa ikamalimba, n'kupanga chomata china choonjezera mphamvu. Msampha uli pa kaotchedwe. Mukaotcha osapitirira madigiri 700, ma atomu a silika amakhala obalalika ngati mpunga wofesa, ndipo silika wotere ndi amene amagwira ntchito. Moto ukapyola madigiri 800, ma atomuwo amayamba kufola ngati mpunga wookera m'mizere, n'kusanduka chimene amachitcha cristobalite. Ameneyu mu simenti amangokhala ngati mchenga, ndipo fumbi lake limaononga mapapo. Ndi maso kapena ndi chala simungatsimikize kuti m'thumba mwanu muli uti. Pamafunika makina.

Makinawo si a dipatimenti imodzi. Ali mu nyumba imodzi ya zipinda zapansi, ndipo amabwera a chemistry, a miyala, a migodi, ife a zomangamanga, ena opanga mabatire, ngakhale makampani a kunja kwa yunivesite amene amalipira zambiri kuposa ife. Wophunzira salipira za m'thumba. Maola amene wagwiritsa ntchito amadulidwa ku thumba la kafukufuku la mphunzitsi wake. Tsiku loyamba atandifotokozera dongosololi, ndinangokumbukira mjigo wa m'mudzi mwathu: madzi ndi a aliyense, komiti ilipo, ndalama ya pamwezi yogulira zitsulo ilipo, ndipo pali mzere wa ndowa. Ndapeza kuti fanizoli ndi loona mpaka pa zoipa zomwe. Chifukwa chobwerekana makinawa n'chosavuta kumvetsa. Kugula ndi chiyambi chabe. Pambuyo pake pamafunika makina oziziritsa madzi, mabotolo a gasi, mgwirizano wa chaka ndi chaka ndi kampani yokonza, ndi munthu wodziwa woti azikhala pamenepo. Dipatimenti imodzi payokha siingasenze zonsezi, ndipo ikanasenza, munthu wa dipatimenti ina ngati ine sindikanaloledwa kuyandikira.

Sanandilole kugwira kanthu mpaka patatha masabata asanu. Panali phunziro la chitetezo ndi mayeso ake, kenako phunziro la makina alionse paokha, kenako maulendo atatu ogwira ntchito tekinishani ataima kumbuyo kwanga. Nthawi imeneyo mtima unkandithamanga, chifukwa ndalama ya maphunziro ili ndi tsiku lothera ndipo phulusa linali litakhala kale m'mabotolo. Lero ndikunena mosakayika kuti anachita bwino. Munthu mmodzi wosadziwa akhoza kuimitsa ntchito ya anthu makumi angapo, ndipo ndinadzionera ndekha zimenezi, monga ndifotokozere ndikafika pa maikulosikopu.

Makina amene ndinawakonda kuposa onse ndi XRD. Athu ndi a kampani ya Bruker, aakulu ngati wadirobu ya zitseko ziwiri, okhala ndi magalasi a mtovu otchinga X-ray, ndipo chitseko chikakhala chotsegula X-ray satuluka. Mumaika ufa wanu m'kambale kakang'ono, chubu cha kopa n'kuuwalitsira X-ray, mkono wa makina n'kumayenda pang'onopang'ono kuyeza kumene kuwalako kukubwerera. Ngati ma atomu afola m'mizere, kuwala kumabwerera mwamphamvu pa ngodya zina zokha, ndipo pa kompyuta pamatuluka nsonga zakuthwa. Chinthu chilichonse chili ndi nsonga zakezake ngati chidindo cha chala. Nzeru imeneyi ndi yakale: Max von Laue anaonetsa mu 1912 kuti X-ray amachita zimenezi, ndipo William Henry Bragg ndi mwana wake Lawrence analandira mphoto ya Nobel mu 1915 chifukwa cha masamu amene tikugwiritsabe ntchito lero. Quartz, amene ndi mchenga wamba, nsonga yake yaikulu imaima pa ngodya ya madigiri 26.6. Cristobalite amaima pafupi ndi 22. Silika wobalalika uja alibe nsonga. Amangotulutsa linunda lotambalala ngati la ng'ombe, lokwera pang'onopang'ono n'kutsika, pakati pake pali cha m'ma 22 momwemo.

Tsiku limene ndinayeza masampulo anga awiri oyamba sindidzaliiwala. Ina inali phulusa limene amalume ananditapira pa chulu cha ku chigayo, ina inali mankhusu a ku chigayo chomwecho amene ndinaotcha ndekha mu ng'anjo ya magetsi pa madigiri 600. Ya mu ng'anjo inatulutsa linunda loyera bwino, lopanda chotumphuka. Ya pa chulu inatulutsa linunda laling'ono, pamwamba pake pataima nsonga ya cristobalite ngati mlongoti. Ndinakhala pa mpando nthawi yaitali ndikuyang'ana. Chulu chimene ndinkachidutsa popita ku sukulu, pakati pake pamatentha kwambiri moti silika wabwino amaonongeka tisanamutape n'komwe. Chinthu chimene anthu akhoza kutsutsana pa khonde mpaka dzuwa kulowa, makinawa anachiyankha pasanathe ola.

Koma ubwino wa XRD imeneyi suli mu zitsulo zake zokha. Uli mwa mayi amene amaiyang'anira, amene akhala pa makina otere zaka zambiri. Iwo ndi amene anandiphunzitsa kuti ufa uzidutsa pa sefa ya ma micron 45, kuti kambale kazidzazidwa chakumbuyo kuti timiyala tisagone mbali imodzi n'kunamiza nsonga, ndiponso kuti ukafuna kudziwa kuchuluka kwa silika wobalalika uzisakaniza ufa wako ndi muyezo wodziwika wa ufa wa mwala wotchedwa corundum, kenako n'kuwerengera ndi njira ya Rietveld, imene wasayansi wa ku Netherlands, Hugo Rietveld, anayambitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Salankhula zambiri. Amakusiya udzaze kambale, n'kukapendeketsa ku kuwala kwa windo, ndipo akaona kuti pamwamba sipanasalale amangokubwezera ndi dzanja. Buku lolembamo limene lili pambali pa makina amaliwerenga m'mawa uliwonse, ndipo ukaiwala kulemba chimene unaika m'makina amakuimbira foni tsiku lomwelo.

Bukulo ndi limene linandipulumutsa pa vuto lalikulu kwambiri limene ndinakumana nalo. Patapita miyezi ingapo, masampulo anga atsopano, ootchedwa pa madigiri 600 omwe aja, anayamba kuonetsa nsonga pa 26.6. Quartz. Sizinkamveka, chifukwa mankhusuwo ndinawatsuka ndekha kuchotsa mchenga wonse, ndipo pa moto wotere quartz sabadwa. Ndinaotchanso ena, kutsukanso, kuyezanso, nsonga ili pomwepo. Masabata atatu anapita, tulo tosabwera, ndikuganiza kuti mwina zotsatira zanga zoyamba zija zinali zabodza. Nditawaonetsa mayi aja, sanayang'ane galafu nthawi yaitali. Anandifunsa kuti, "Ufawu munapera pati?" Oyamba aja ndinkasinja ndi manja mu kamtondo ka mwala wa agate. Atsopanowa, popeza anali ambiri, ndinkapera pa chigayo chaching'ono cha m'chipinda chokonzera masampulo. Tinapita limodzi kukatsegula buku la kumeneko, ndipo zinaonekeratu kuti masiku onse amene ndinapera, amene ananditsogolera anali a miyala. Iwo akamaliza amatsuka mbale ya chigayocho popera mchenga woyera wa quartz, ndipo kwa iwo ndi mwambo wabwino ndithu. Koma tizidutswa totsalira m'mphepete ndi timene tinkalowa m'phulusa langa. Aliyense amene anagayitsapo ufa woyera pambuyo pa munthu wogayitsa soya akudziwa zimenezi: ufa woyamba kutuluka si wako wokha. Mankhwala ake analinso a ku chigayo komweko. Ndimayamba ndapera pang'ono phulusa langa lomwe n'kulitaya, kupukuta mbale ndi spiriti, kenako n'kupera loyeza. Nsonga ija inasowa.

Chipinda chokonzera masampulo chimenechi ndiye malo oipa kwambiri mu nyumba yonse, ndipo pano sindibisa mawu. Makina okwera mtengo ali ndi owayang'anira, koma chipinda chimene sampulo iliyonse imadutsamo isanafike kumeneko chilibe mwini. Masefa umawapeza atatsekeka ndi dothi la wina, ena atabooka pakati n'kubwezedwa pa shelefu ngati abwino. Sikelo imakhala yothimbirira ndi ufa wosadziwika. Timabotolo topanda dzina timadzaza mu uvuni woumitsira mpaka miyezi, aliyense akuopa kutaya chinthu cha mnzake. Mtima uja wa "n'za boma izi" umene timadandaula nawo kwathu ndinaupezanso kuno, pakati pa anthu ophunzira kwambiri. Chimene chinandiwawa koposa ndi makina okoka fumbi, amene anakhala osagwira bwino nthawi yaitali. Agogo anga aamuna anagwira ntchito m'migodi ya kuno masiku a Wenela ndipo anabwerera kumudzi ndi chifuwa chimene sichinathe mpaka kumanda. Ine ndikamapera phulusa la cristobalite ndimadziwa bwino lomwe chimene ndikupuma. Ndinagula ndekha chophimba kumaso cha mtundu wa FFP3, ndipo ndinalemba makalata awiri asanakonze. Yunivesite yokwanitsa kugula maikulosikopu ya ma elekitironi siingalephere kulemba munthu mmodzi woyang'anira chipinda chimenechi.

Maikulosikopu imeneyo, SEM, ndi imene aliyense amailimbirana, ndipo apa ndi pamene mzere wa ndowa uja umaonekera. Kubukitsa kumachitika pa intaneti, ndipo malo amatsegulidwa masabata awiri tsiku lisanafike. Magulu akuluakulu, amene ali ndi ophunzira khumi kapena kuposa, amagwira maola onse abwino m'mphindi zochepa. Zikanakhala kuti amabweradi, sindikanadandaula. Koma kangapo ndadutsa pa khomo nthawi ya 10 koloko m'mawa, m'chipinda muli zii, pamene pa kompyuta pakuoneka kuti makina ndi otanganidwa mpaka madzulo. Ndi chimodzimodzi mayi amene amasiya ndowa zisanu pa mjigo mbandakucha n'kupita kumunda, ena n'kumazilambalala ndi ulemu. Lamulo loti wosabwera alipirebe lilipo pa pepala, koma gulu la ndalama zambiri silimva kuwawa, ndipo si nthawi zonse limatsatidwa. Kwa ine, amene mphunzitsi wanga amawerengera ola lililonse, zinatanthauza kugwira ntchito Loweruka ndi usiku, nditalandira chilolezo chokhala ndekha. Njira yokonzera ndi yapafupi: munthu akapanda kufika patatha mphindi 30, malo atseguke kwa wina, ndipo gulu limodzi likhale ndi malire a maola pa sabata. Tinapereka ganizoli pa msonkhano wa ogwiritsa ntchito makina. Analilemba, koma mpaka pano silinayambe.

Ukaipeza, komabe, SEM imeneyi imabweza mtima. Phulusa silidutsa magetsi, ndiye umayamba walimata pa kachitsulo n'kulikuta ndi kaboni wopyapyala kwambiri, apo ayi chithunzi chimangowala mizeremizere. Ena amakuta ndi golide, amene amapereka chithunzi chokongola, koma ine ndinkafunanso kuyeza zimene zili m'kati pogwiritsa ntchito kachipangizo ka pa SEM pomwepo kotchedwa EDS, ndipo pa ntchito imeneyo kaboni ndiye sasokoneza kwambiri. Makina amachotsa mpweya wonse m'chipinda chake chamkati, kenako chithunzi chimabwera. Khungu la kunja la nkhusu ya mpunga, ukalikuza kambirimbiri, limaoneka ngati chitsononkho cha chimanga, timabampu tofola m'mizere yoongoka. Likapsa bwino, mafupa ake a silika amatsala ataima momwemo, m'kati muli timauna ngati chisa cha njuchi. Nditaona timaunato ndinamvetsa nthawi yomweyo chifukwa chimene matope anga ankauma msanga pa fosholo ndikathira phulusa lambiri: timaunato timamwa madzi. Ndinali nditawerenga zimenezi m'mabuku, koma kuona n'kwina. Chithunzi chimodzi ndinatumizira amayi kumudzi. Anandiimbira n'kufunsa kuti, "Mwanawe, zimenezi ndi zomwe timapeta zija?"

Pa makina omwewa ndi pomwe ndinaona kufunika kwa masabata asanu aja. Wophunzira wina anaika chidutswa cha konkire chosauma bwino, ndipo akuti sanachimate mokwanira. Chinyezi ndi fumbi zinadetsa m'kati, makina n'kuima mpaka wokonza atabwera kuchokera ku kampani. Masabata awiri anthu onse anakhala manja lende, ena mwa iwo ali pafupi kupereka mabuku awo a kafukufuku. Chimene ndinayamikira n'chakuti mnyamatayo analemba zoona m'buku, ndipo oyang'anira sanamuchititse manyazi pa gulu. Anangomubwezera ku phunziro loyamba. Malo amene munthu amaopa kuulula cholakwa, makina amafa osadziwika chowapha.

XRF, yoyeza kuchuluka kwa silika, aluminiyamu, chitsulo ndi zina, sitiigwira tokha. Umapereka ufa, iwo amausungunula ndi lithium borate kukhala kagalasi kozungulira, zotsatira n'kubwera pa imelo. Zinkatenga sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo nditatumiza sampulo imodzi kawiri ndi mayina osiyana, manambala anagwirizana bwino. Muyezo wa ASTM C618 umafuna kuti, pa zinthu zachilengedwe zosakaniza ndi simenti, silika, alumina ndi chitsulo pamodzi zifike magawo 70 pa 100, ndipo phulusa langa linadutsa ndi silika yekha. TGA nayo sinandivutitse. Imatenthetsa kaufa kochepa kwambiri n'kumayeza kulemera kwake, ndipo laimu wa mu simenti amataya madzi ake cha pakati pa madigiri 400 ndi 500. Laimuyo akamachepa pamene masiku akupita, ndiye kuti phulusa likumudya, ntchito ikugwirika. Vuto ndi loti sampulo imodzi imatha maola angapo kuphatikizapo kuzizira, choncho pa tsiku umayeza zochepa. Muzikonzekera zimenezo, ndipo muziimitsa kulimba kwa simenti ndi spiriti wotchedwa isopropanol pa tsiku lenileni kuti mzere ukatalika sampulo isapitirire kusintha.

Kumene mzere sungakhululukidwe ndi pa makina ophwanya, oyezera mphamvu ya simenti. Ndimatsatira muyezo wa EN 196-1: magalamu 450 a simenti, 1350 a mchenga wa muyezo, 225 a madzi, kuumba timiyala ta mamilimita 40 ndi 40 ndi 160, kutiviika m'madzi a madigiri 20, kenako kutiphwanya pa masiku oikika. Pa tsiku la 7 muyezo umalola kuchedwa kapena kufulumira ndi maola awiri okha, pa tsiku la 28 maola 8. Simenti siidikira munthu. Gulu langa lachiwiri la timiyala litafika tsiku la 28, ndinapeza makina atamangidwa zida zina zoyezera zitsulo za kampani ya kunja, ntchito ya masiku atatu, ngakhale dzina langa linali pa ndandanda. Woyang'anira anapepesa ndi mtima wonse, ndipo ndinaona kuti lamulo linachokera pamwamba pake, popeza makampani ndi amene amabweretsa ndalama yokonzera makina. Ndikumvetsa kuti popanda iwo ife ophunzira tikanalipira zambiri. Koma timiyala tanga tinaphwanyidwa pa tsiku la 31, manambala ake sindikanatha kuwaika pamodzi ndi enawo, ndipo ndinaumbanso gulu lonse. Mwezi wathunthu unapita, pamodzi ndi mchenga wa muyezo umene umagulidwa m'timatumba todula. Chikanafunika ndi foni imodzi yokha sabata imodzi m'mbuyo, ndikanapempha malo ku labotale ya dipatimenti ina. Kuyambira pamenepo, tsiku loumba ndi lomwenso ndimabukitsa masiku onse ophwanya, ndipo kutatsala masiku atatu ndimapita ndekha kukakumbutsa pamaso.

Za magetsi ndinene pang'ono. Mu 2023 kuno magetsi ankazima mosinthana pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina maola ambiri. Makina akuluakulu anali otetezedwa ndi mabatire ndi jenereta, ndipo XRD ndi SEM sizinazimepo ine ndili pakati pa ntchito. Apa oyang'anira anaganiza bwino, chifukwa chubu cha X-ray chimadalira madzi ozizira oyenda nthawi zonse, ndipo kuzima mwadzidzidzi kumachifupikitsa moyo. Ng'anjo zootchera ndiye sizinalumikizidwe ku jenereta popeza zimadya magetsi ambiri. Kawiri mankhusu anga anazimira pakati n'kutuluka akuda bii ndi makala osapsa. Ndinaphunzira kuyang'ana ndandanda ya kuzima kwa magetsi ndisanayatse ng'anjo, monga momwe timachitira kwathu tisanapite ku chigayo.

Chinthu china chimene sindinachiganizire ndisanabwere ndi cha mafayilo. Saloleza kulowetsa flash mu kompyuta za makina poopa mavairasi. Zotsatira zimapita pa malo osungira a yunivesite, iwe n'kukazitenga kumeneko. Izi n'zabwino. Chovuta n'chakuti pulogalamu yowerengera zotsatira za XRD, pamodzi ndi nkhokwe ya zidindo ya ICDD, ndi zolipira ndipo zili pa makompyuta awiri okha. Ukamaliza maphunziro n'kubwerera kumudzi, mafayilo ako ukhoza kulephera kuwatsegula. Mayi aja ndi amene anandilangiza kuti ndizisunganso chilichonse mu mtundu wa manambala wamba, ndiponso kuti ndiphunzire Profex, imene ndi yaulere, pamodzi ndi nkhokwe yaulere ya Crystallography Open Database. Zithunzi za SEM ndimaziyeza ndi ImageJ, yaulerenso. Anati, "Inu mudzapita kwanu, ndipo layisensi yathu siidzakutsatani." Palibe phunziro la m'kalasi limene linandiuza zimenezi.

Ndikamaganiza za kwathu, mtima umandiuza kuti njira ndi yomweyi. Tili ndi MUST ku Thyolo, MUBAS ku Blantyre, UNIMA ndi nthambi ya boma yoona za miyala ku Zomba, onse ofuna kudziwa zimene zili m'dothi, m'miyala ndi m'zitsulo zathu, pamene nkhani za migodi zikukulirakulira. Aliyense akati agule zakezake, tidzakhala ndi makina ambiri ofunditsidwa nsalu, osowa kachitsulo kamodzi kapena botolo la gasi. Ine ndikanakonda malo amodzi kapena awiri otseguka kwa onse, ndalama yokonzera itaikidwa padera makina asanafike n'komwe, ndi matekinishani olipidwa bwino moti asamaganize zochoka. Pa zonse zimene ndagwiritsa ntchito kuno, chimene ndikanakonda kunyamula m'chikwama si Bruker ayi, koma buku lija la pambali pake ndi munthu woliwerenga m'mawa uliwonse.

Ndiye kwa iwe mng'ono wanga amene unafunsa: inde, makina ambiri udzawagwira ndi manja ako, ndipo pa XRD, XRF ndi TGA ndikukutsimikizira kuti manambala ake ungawaimire pamaso pa aliyense. SEM ndi yabwino koma udzaivutikira, chipinda chokonzera masampulo usachikhulupirire, ndipo makina ophwanya uziwalondera ngati munda wa mpunga nthawi ya mbalame. Lembetsa maphunziro a chitetezo sabata yoyamba yomwe, usadikire kuti masampulo akonzeke. Ngati ukubweretsa dothi kapena zomera kuchokera kumudzi, yamba msanga mapepala a chilolezo cholowetsera m'dziko muno, chifukwa anga mankhusu anandidikiritsa. Gula sefa yako, kamtondo kako ndi chophimba kumaso chako, uzilembe dzina n'kuzitsekera mu loka. Funsa mphunzitsi wako, musanayambe, kuti thumba lake lingalipire maola angati, kuti usadzathere ndalama pa zithunzi zokongola n'kusowa ya muyezo umene ukuyankha funso lako. Ndipo matekinishani uziwapatsa moni ndi kuwafunsa nzeru usanalakwitse, osati pambuyo pake.

Timiyala tanga tomaliza, ta phulusa la madigiri 600 lolowa m'malo mwa magawo 10 ndi 20 pa 100 a simenti, tili m'madzi pamene ndikulemba pano. Pa tsiku la 7 tinali kumbuyo kwa ta simenti yokhayokha, pa tsiku la 28 tinayandikira kwambiri, makamaka ta magawo 10. Tsiku la 90 likugwa Lachinayi la sabata yamawa. Makina ndinabukitsa tsiku lomwe ndinaumba, ndipo Lolemba m'mawa ndipita kukakumbutsa.